Cifukwa cake ma Fannibals analephela kupulumutsa Hannibal

Pa 22 June 2015, kampani ya TV ya ku America ya NBC inalengeza kuti sewelo la Hannibal lidzathela pa season yacitatu. Nthawi yomweyo pa Twitter panabuka phokoso la #SaveHannibal. Olilawo anali anthu odzicha kuti Fannibals, ndipo cimene anali kulilila ni nkhani ya dokotala amene amapha anthu, kuwaphika, n'kuitana anzake kuti abwele adye.

Dokotala ameneyu, Hannibal Lecter, sanayambile pa TV. Thomas Harris anamulemba koyamba m'buku la Red Dragon mu 1981, ndipo anachuka kwambili mu 1991 pamene Anthony Hopkins anamusewela mu filimu ya The Silence of the Lambs, imene inatenga ma Oscar asanu. Sewelo la pa NBC linayamba mu April 2013. Analipanga ni Bryan Fuller. Mads Mikkelsen wa ku Denmark anali Lecter, ndipo Hugh Dancy anali Will Graham, munthu wothandiza a FBI kusaka okupha anthu, osadziwa kuti wakupha woopsa koposa ni dokotala wake yemwe.

Nanga munthu wabwinobwino angakonde bwanji zinthu zotele? Amene anakulila pa nthano za usiku za mfiti na mizukwa adziwa kuti mantha amakoma ngati uli pamalo abwino. Mtima umagunda, thupi limacita tsemwe, koma udziwa kuti ukafuna ungazime TV n'kukagona. Hannibal anawonjezelapo kukongola. Janice Poon, amene anali kukonza zakudya za m'sewelolo, anali kuziyalika bwino pa mbale mpaka wotamba n'kumeza malovu, kenaka n'kukumbukila kuti nyamayo ni ya ndani. Si onse anapilila. Sitesheni ya KSL ku Salt Lake City inaleka kulionetsa mu 2013, ati lacilamo magazi.

Ma Fannibals anapezana pa Tumblr na pa Twitter. Anali kujambula zithunzi, kulemba nkhani zawozawo za Will na Hannibal, na kuseka zinthu zimene zinawaopsa dzulo lake. Cizindikilo cawo cinali nkhata za maluwa za kumutu, ndipo Fuller nayenso anali kuzivala pokumana nawo. Mantha otambila pamodzi anawasandutsa gulu.

Pamene NBC inakana, iwo anali na cifukwa coyembekezela, pakuti zinacitikapo kale. Mu 1968, Bjo Trimble na mwamuna wake John anasonkhezela okonda Star Trek kulemba makalata masauzande ku NBC yomweyi, ndipo sewelolo linapatsidwa season yacitatu lisanathe mu 1969. Mu 2007, okonda Jericho anatumiza nshawa pafupifupi matani 20 ku maofesi a CBS, kampaniyo n'kubweza sewelolo na zigawo zisanu na ziwili.

Ma Fannibals anasaina mapempho pa intaneti, anavutitsa Netflix na Amazon usana na usiku kuti atenge sewelolo. Onse awili anakana. Amazon ndiyo inali na ufulu woonetsa ma season akale pa intaneti ku America, cimene cinatsekela Netflix njila, ndipo Fuller anali atalonjeza kale kukagwila nchito pa American Gods. Koma vuto lalikulu linali la manambala. NBC imadya ndalama za otsatsa malonda, ndipo otsatsa amalipila malinga na unyinji wa otamba pa TV. A Hannibal anali ocepa. Cigawo cotsiliza, ca nambala 39, cinaonetsedwa mu August 2015.

Mu 2016, Martha De Laurentiis, mmodzi wa opanga sewelolo, analemba kuti kutenga mafilimu mwakuba pa intaneti kunathandizila kulipha. Anthu olikonda analipo ambili, koma gawo lalikulu la iwo linali kutambila kumene sawelengedwa. Mau amenewa atikhudza na ife amene timadzaza ma series pa flash kapena kupatsana pa foni: tingalikonde bwanji sewelo, m'mabuku a eni ake mulibe dzina lathu.

Sikuti hashtag ilibe nchito. Mu May 2018 Fox inathetsa Lucifer, okonda ake anakuwa na #SaveLucifer, ndipo mu June Netflix inalitenga. Kumeneko phokoso linakumana na kampani imene inaona kuti ipezapo phindu. Ma Fannibals anakuwa mofanana, koma wogula sanapezeke.

Cimene cinatsala ni gulu lenilenilo. Mu June 2020 Netflix inaika ma season atatu aja ku America, ndipo anthu atsopano analowa m'gululo, patapita zaka zisanu sewelo litatha. Nawonso anayamba kupempha season yacinayi.