Tanthauzo ndi chiyambi cha mawu oti caricature

Mawu oti caricature amatanthauza chithunzi kapena nkhani yomwe imakokomeza maonekedwe kapenanso khalidwe la munthu pofuna kuseketsa anthu, nthawi zina pofuna kumudzudzula. Wojambula amasankha chinthu chimodzi chodziwika pa munthuyo, monga mphuno, dazi kapena mimba, n'kuchikulitsa mopyola muyeso. Komabe mwini nkhopeyo ayenera kuzindikirika, apo ayi wojambulayo walephera ntchito.

Mawuwa anachokera ku Chitaliyana, ku mneni woti caricare, yemwe tanthauzo lake ndi kusenzetsa katundu. Ganizo lake n'lakuti wojambula amaisenzetsa nkhope zambiri kuposa zomwe ili nazo. Lusoli linatchuka mumzinda wa Bologna ku Italy m'zaka za m'ma 1590 kudzera mwa Annibale Carracci ndi m'bale wake Agostino.

Ambiri amangoti katuni, koma katuni ikhoza kukhala ya kalulu kapena munthu wongopeka, pomwe caricature kawirikawiri imaloza munthu weniweni. Apa m'pomwe pamayambira mikangano ndi akuluakulu a boma.

M'chaka cha 1830, Charles Philipon anayambitsa nyuzipepala yotchedwa La Caricature mumzinda wa Paris ku France. Mu 1832, wojambula wina, Honoré Daumier, anaikidwa m'ndende kwa miyezi 6 chifukwa chojambula Mfumu Louis-Philippe ili ndi chimimba, ikumeza ndalama za anthu osauka. Mu 1835 boma linalamula kuti zojambula zizivomerezedwa kaye zisanasindikizidwe, ndipo nyuzipepalayo inatsekedwa chaka chomwecho. Chodabwitsa n'chakuti chithunzi chomwe mfumuyo inadana nacho chikadasungidwa ndi kuonetsedwabe mpaka lero.

Ku South Africa, Jonathan Shapiro, wodziwika ndi dzina loti Zapiro, anayamba mu 2006 kujambula a Jacob Zuma ali ndi shawa pamutu. A Zuma anamusumira pa chithunzi china cha mu 2008, koma anausiya mlanduwo mu 2012.

M'zikalata za Chingerezi mawuwa ali ndi ntchito inanso yomwe ogwira ntchito m'boma ayenera kuidziwa. Nduna ikanena kuti lipoti lina ndi caricature ya ndondomeko yake, sikuti ikuyamikira nthabwala ayi. Ikudandaula kuti lipotilo latola mbali imodzi n'kuikuza mpaka choonadi chapotozeka. Womasulira akalemba kuti "chithunzi choseketsa" pamalo otere amasocheretsa owerenga. Mawu oyenera ndi oti kupotoza kapena kukokomeza nkhani.