Mbiri ya Ntchito za Manja ku Mitundu ndi ku Nathenje

Azungu asanafike m'dziko muno, Acheŵa a m'chigwa cha Lilongwe anali nawo kale amisiri awo. Osula ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi nasula makasu, nkhwangwa ndi mipaliro. Amayi ankaumba mbiya, abambo naluka mphasa ndi nkhokwe. Sukulu yake inali pabwalo pa mmisiri mwini wake, pamene mnyamata ankayamba ndi mvukuto asanaloledwe kugwira nyundo. Ng'anjozo zinazima makasu a m'sitolo atachuluka.

Maphunziro a mtundu watsopano anadza ndi amishoni a Dutch Reformed, amene anakhazikika ku Mvera mu 1889, ndi ku Nkhoma, kum'maŵa kwa Nathenje, mu 1896. Kumeneko anyamata ankaphunzira ukalipentala, kuumba njerwa, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku, pamene atsikana ankaphunzira kusoka, kuluka ndi kupanga sopo. Cholinga cha amishoniwo chinali chakuti wophunzira abwerere kwawo nakakometse mudzi wake, osathamangira ntchito ya ukalaliki kutauni. Mu 1924 nthumwi za Phelps-Stokes, zoyendera sukulu za mu Africa, zinayamikira njira imeneyi.

Koma panali chinthu chimodzi chimene njirayo sinathe kukonza. Wopala chitseko afuna wogula chitseko. M'mudzi umene kandalama kake konse kankathera msonkho wa Boma, ndani akanaitanitsa tebulo? Motero anyamata ambiri, ndi aluso omwe, anatsata anzawo ku Halale ndi ku Joni.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linayang'ana kudera lino ndi maso aŵiri. Pafupi ndi Mitundu anamanga koleji ya zaulimi ya Bunda, ndipo mu 1968, ndi ngongole ya World Bank, inayamba ntchito yaikulu yotukula minda ya kumadzulo ndi kumwera kwa Lilongwe, yotchedwa Lilongwe Land Development Programme. Analambula misewu, anakumba zitsime, anamanga misika, nabwereketsa alimi feteleza ndi mbewu. Ku Dzalanyama anatsegula famu yoŵetera ng'ombe. Ku Nathenje nako kunakhala malo amene alimi ankagonerako masiku angapo akuphunzira ulimi wamakono. Achinyamata a Payoniya, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1963, ankaphunzitsidwanso ulimi ndi umisiri, ngakhale kuti ambiri amaŵakumbukira chifukwa cha makadi a chipani koposa chifukwa cha macheka. Gululo linatha asilikali ataliphwasula mu December 1993.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito ya 1968 ija, imene inabwera kudzachulukitsa chimanga, mtedza ndi fodya, ndiyo inathandiza amisiri koposa sukulu zambiri za umisiri. Msewu utafika, ng'ombe zilipo, zokolola zikufuna kupita kumsika, mlimi anafuna ngolo. Ngolo imodzi idyetsa anthu angapo: wocheka matabwa, kalipentala, wowotcherera zitsulo za galimoto zakutha, ndi womata matayala. Wolima dimba anafuna chitini chothirira, ndipo wokhoma zidebe anapeza pokhalira. Wogulitsa fodya anafuna njerwa zowotcha ndi denga la malata. Chimene amishoni anachisoŵa, wogula wokhala m'mudzi momwemo, chinayamba kuoneka. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalaŵi oposa 70, Dr Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi, kotero kuti manja amene akanakumba golidi anafunika kupeza chochita konkuno.

Zaka zotsatira zinabweretsa maina atsopano. Mu 1999 Boma linakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a luso. Mu 2012 Bunda inakhala gawo la yunivesite ya LUANAR. Mu 2015 anayamba kutsegula makoleji a luso m'maboma. Komabe malo m'makolejimo saŵakwanira achinyamata onse, ndipo womaliza maphunziro amene alibe macheka, randa kapena makina osokera amabwerera kukagwira ganyu pa shedi ya wina, satifiketi ili m'chikwama. Ambiri mwa amisiri a pamsika wa Mitundu ndi a m'mbali mwa msewu wa ku Dedza pa Nathenje amaphunzirabe kwa mmisiri mnzawo wamkulu, akumuwongolera misomali ndi kumugwirira thabwa kufikira tsiku limene adzaŵakhulupirira ndi ngolo yathunthu.