Ng'oma za Vimbuza ndi Zowawa za Mumtima

Agogo anga, amene anachokera ku Rumphi n'kudzakalambira kuno ku Salisbury Lines mumzinda wa Mzuzu, akamva ng'oma za vimbuza zikulira usiku chapatali sankati kuli gule. Ankati kuli wodwala.

Vimbuza zinafala pakati pa Atumbuka m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene Angoni a M'mbelwa anagonjetsa midzi yambiri. Kenako kunabwera msonkho wa atsamunda, amuna n'kuyamba maulendo a ku Joni ndi ku Salisbury, Harare wa lero. Ena anatchona. Mkazi ankatsala pamudzi pa apongozi, kulima yekha, wopanda pomwe angadandaule. Mutu unkayamba kuwawa, mtima kuthamanga, tulo osabwera.

Nchimi, sing'anga wa vimbuza, sinkafunsa za mutu wokha. Inkaitanitsa ng'oma, amayi ndi ana n'kumuzungulira wodwalayo akuimba ndi kuomba m'manja, iye atamanga mangenjeza m'miyendo, fumbi lili koboo mpaka tambala woyamba. M'nyimbomo ankatulutsa zonse zomwe zinkamudya mumtima, apongozi ali pomwepo, ndipo panalibe womudzudzula poti wolankhulayo ndi mzimu. Kwa ine nzeru yaikulu ya makolo athu inagona apa.

Amishoni a Livingstonia ankati ndi zachikunja, koma anthu sanasiye. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, odwala ankachokera ku Tanganyika ndi Northern Rhodesia kudzaonana ndi Nchimi Chikanga ku Rumphi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira vimbuza ngati chuma cha anthu onse.

Si ife tokha. Ataita a kumapiri a kum'mwera kwa Kenya ali ndi mwambo wa kutasa, umene Grace Harris analemba m'buku lake la 1978. Munthu wosunga mkwiyo amavumata mowa wa nzimbe kapena madzi, n'kuwapemerera kunja akunena mawu otaya mkwiyowo, chifukwa kwa iwo chakukhosi chobisika chimatha kudwalitsa m'bale.

Lero Mzuzu ili ndi chipatala cha St John of God chothandiza odwala maganizo, ndipo ndimachiyamikira. Malungo ndi khunyu zimafuna dokotala, ng'oma sizingathane nazo. Chimandipweteka n'chakuti m'nyumba zathu za lendi zino mayi amatha kuwonda ndi maganizo, mwamuna ali ku Joni zaka osaimba foni, aneba n'kumangomupatsa panado. Mukamuona wotere, khalani naye pansi, mumufunse chimene chikumudya mumtima, kenako mumuperekeze kuchipatala.