Malonda achilungamo

Malonda achilungamo ndi njira yochitira malonda imene cholinga chake n'chakuti alimi ang'onoang'ono, amisiri a ntchito zamanja ndi antchito a m'minda azilandira mtengo woyenera pa zimene apanga, ndipo iwonso azitsatira malamulo osamalira anthu ndi chilengedwe. Pachingerezi njirayi imatchedwa fair trade. Ambiri mwa opanga katunduyu ali ku Africa, Asia, Latin America ndi zilumba za Caribbean, pamene ogula ambiri ali ku Ulaya ndi ku North America. Katundu wodziwika kwambiri ndi khofi, koko, nthochi, shuga, tiyi, maluwa ndi thonje. Ku Malawi njirayi imakhudza makamaka alimi a tiyi, nzimbe, mtedza, khofi ndi mpunga.

Mabungwe akuluakulu oyendetsa malondawa ndi awiri. Fairtrade International imapereka chizindikiro chimene chimaikidwa pa katundu. World Fair Trade Organization, mwachidule WFTO, imaunika bizinesi yonse ndi mmene imachitira zinthu zake zonse.

Mbiri

Chiyambi cha malondawa chili m'mipingo ndi m'mabungwe achifundo. Mu 1946 Edna Ruth Byler, mayi wa mpingo wa Mennonite ku United States, anayamba kugulitsa kwa anzake nsalu zopeta za amayi a ku Puerto Rico. Ntchitoyo inakula n'kukhala masitolo amene pambuyo pake anatchedwa Ten Thousand Villages. Ku Britain bungwe la Oxfam linayamba kugulitsa zinthu zopangidwa pamanja ndi anthu othawa kwawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ku Netherlands sitolo yoyamba yogulitsa katundu wotereyu inatsegulidwa m'tauni ya Breukelen mu 1969.

Kwa zaka zambiri katunduyu ankangopezeka m'masitolo ochepa apaderawo ndi m'matchalitchi, motero alimi ankagulitsa zochepa. Zinthu zinasintha mu 1988. Wansembe wa ku Netherlands, Frans van der Hoff, amene ankakhala ndi alimi a khofi a bungwe la UCIRI ku Oaxaca m'dziko la Mexico, anagwirizana ndi Nico Roozen wa bungwe la Solidaridad n'kuyambitsa chizindikiro cha Max Havelaar. Dzinali analitenga m'buku limene Multatuli anatulutsa mu 1860, lodzudzula nkhanza za atsamunda a ku Netherlands pachilumba cha Java. Kuyambira pamenepo kampani iliyonse yogula khofi motsatira malamulo inkaloledwa kuika chizindikirocho pa paketi ndi kugulitsa m'masitolo akuluakulu. Mu 1989 mgwirizano wa mayiko umene unkaika malire a khofi wogulitsidwa kunja unasokonekera, mitengo inagwa, ndipo alimi ambiri anaona kufunika kwa mtengo wotetezedwa.

Mayiko ena anatsanzira njirayi. Ku Britain bungwe la Fairtrade Foundation linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo mu 1994 chizindikiro chake chinaoneka pa chokoleti cha Maya Gold, khofi wa Cafédirect ndi tiyi wa Clipper. Mu 1997 mabungwe a m'mayiko osiyanasiyana anapanga bungwe limodzi lokhala ndi likulu ku Bonn, Germany, limene lero ndi Fairtrade International. Chizindikiro chimodzi cha dziko lonse, cha munthu wokweza dzanja pakati pa mtundu wabuluu ndi wobiriwira, chinayamba kugwira ntchito mu 2002. Masiku ano alimi ndi antchito pafupifupi 2 miliyoni a m'mayiko pafupifupi 70 ali m'dongosololi. A mu Africa amaimiridwa ndi bungwe la Fairtrade Africa, lomwe likulu lake lili ku Nairobi, ndipo alimi ndi antchito ali ndi theka la mavoti pa msonkhano waukulu wa Fairtrade International.

Mmene dongosolo la Fairtrade limayendera

Mlimi payekha salandira chiphaso. Ayenera kukhala m'kopaletivi kapena m'bungwe la alimi limene lili ndi malamulo ake, limasankha atsogoleri pa chisankho, ndipo limachita msonkhano wa mamembala onse chaka ndi chaka. Minda ikuluikulu yolemba antchito, monga maesiteti a tiyi, ili ndi malamulo akeake.

Choyamba chimene alimi amapindula nacho ndi mtengo woyambira. Wogula saloledwa kupereka mtengo wochepera pamenepo ngakhale msika utagwa, koma msika ukakwera kuposa mtengowo amalipira wa pamsika. Mwachitsanzo, mtengo woyambira wa khofi wa arabica wotsuka unali madola a ku America 1.40 pa paundi imodzi, yomwe ndi magalamu pafupifupi 454, kuyambira mu 2011, ndipo unakwezedwa kufika pa madola 1.80 mu Ogasiti 2023. Mbewu zina, monga shuga, zilibe mtengo woyambira.

Chachiwiri ndi ndalama yowonjezera, imene imatchedwa premium. Wogula amaipereka ku bungwe la alimi pamwamba pa mtengo wa katundu. Pa khofi ndi masenti 20 pa paundi, ndipo pa shuga ndi madola 60 pa tani. Mamembala ndiwo amagwirizana pa msonkhano ntchito yoti ndalamayo igwire: ena amakumbira mijigo, ena amamangira zipinda zophunzirira, ena amagulira zipangizo za ulimi kapena kugawana gawo lina. Pa esiteti ndalamayi imayendetsedwa ndi komiti yosankhidwa ndi antchito, osati mwini munda.

Chachitatu, bungwe la alimi lingathe kupempha wogula kuti alipire gawo la ndalama katundu asanatumizidwe. Izi zimathandiza kopaletivi kugula zokolola kwa mamembala ake nthawi yokolola, mavenda asanazitenge pa mtengo wozizira.

Kampani yotchedwa FLOCERT ndiyo imatumiza oyendera kukaona mabuku a ndalama, minda ndi mosungira mankhwala, komanso kukacheza ndi alimi ndi antchito. Bungwe lopezeka likuphwanya malamulo limapatsidwa nthawi yokonza zolakwikazo, ndipo likalephera limaimitsidwa kapena kulandidwa chiphaso.

Malamulo okhudza anthu ndi chilengedwe

Malamulo a Fairtrade amaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 15, kugwiritsa ana osakwana zaka 18 ntchito zoopsa, ndi kukakamiza munthu kugwira ntchito. Amaletsanso tsankho pa nkhani ya mtundu, chipembedzo kapena kuti uyu ndi mwamuna uyu ndi mkazi. Antchito ali ndi ufulu wolowa m'bungwe lowaimira ndi kukambirana za malipiro awo.

Pa za chilengedwe, pali mndandanda wa mankhwala a m'munda oletsedwa kotheratu ndi ena ololedwa pa zifukwa zapadera zokha. Wopopera mankhwala ayenera kuvala zodzitetezera, ndipo saloledwa kupopera pafupi ndi mtsinje, chitsime kapena nyumba. Zigubu zomwe munali mankhwala siziyenera kutungira madzi kapena kusungira chakudya. Mbewu zosinthidwa chibadwa m'malabotale siziloledwa. Alimi sayenera kugwetsa nkhalango kuti akuze minda, ndipo amaphunzitsidwa kuteteza nthaka kuti isakokoloke. Dongosololi silikakamiza ulimi wopanda feteleza ndi mankhwala a m'sitolo, koma mlimi amene ali ndi chiphaso cha ulimi wotero amalandira mtengo wokwererapo.

Mabizinesi ang'onoang'ono a WFTO

Amisiri oluka madengu, osoka, osema ziboliboli ndi opanga sopo nthawi zambiri sagwiritsa ntchito chizindikiro cha Fairtrade, chifukwa chinakonzedwera mbewu zogulitsidwa pa matani. Mabizinesi otere amalowa mu WFTO, bungwe limene linayamba mu 1989 ndi dzina loti IFAT. Ambiri mwa mamembala ake ndi mabizinesi ang'onoang'ono, makopaletivi ndi masitolo, ndipo ambiri amayendetsedwa ndi amayi.

Membala amalonjeza kutsatira mfundo khumi. Zina mwa izo ndi kupereka mwayi kwa anthu ovutika, kuchita malonda poyera, kulipira mokwanira ndiponso pa nthawi yake, kusagwiritsa ntchito ana, kukonza malo ogwirira ntchito kuti asavulaze anthu, kuphunzitsa luso, ndi kuteteza chilengedwe. Bizinesi imadziunika yokha, imayenderedwa ndi mamembala anzake, kenako ndi oyendera akunja. Chifukwa chakuti chounikidwa ndi bizinesi yonse, kampani singakhale membala ngati katundu mmodzi yekha ndiye amagulidwa mwachilungamo pamene wina yense amagulidwa modyera anthu masuku pamutu. WFTO ndiyonso imatsogolera tsiku lokumbukira malonda achilungamo, Loweruka lachiwiri la mwezi wa Meyi.

Ku Malawi

Alimi a nzimbe a Kasinthula m'boma la Chikwawa analandira chiphaso cha Fairtrade mu 2002. Nzimbe zawo amagulitsa ku fakitale ya Illovo ku Nchalo. Ndalama yowonjezera inagwira ntchito yokumba mijigo ndi kulowetsa magetsi m'midzi ina. Komabe gululi linavutika kwa zaka zambiri ndi ngongole imene linatenga pokonza minda yothirira, yomwe inakula pamene kwacha inagwa mphamvu. M'boma lomwelo muli kopaletivi ina ya nzimbe ya Phata.

Pa mtedza, bungwe la MASFA la ku Mchinji, lomwe ndi nthambi ya NASFAM, linalandira chiphaso mu 2004. Vuto lalikulu la mtedza wa ku Malawi pa msika wa ku Ulaya ndi poizoni wa aflatoxin, amene amachokera ku chuku mtedza ukasungidwa usanaume bwino kapena ukanyowetsedwa poswa. Malamulo a European Union salola poizoniyu kupitirira magawo 4 pa biliyoni mu mtedza wodyedwa mwachindunji. Pofuna kufika pa mlingo umenewu alimi anaphunzira kuumitsa, kusankha ndi kusunga bwino mtedza. Mu 2007 mabungwe a alimi a mtedza ndi mbewu zofanana nawo a ku Africa, Asia ndi Latin America anakhala eni ake a gawo la kampani ya ku Britain yotchedwa Liberation Foods. Ndalama yowonjezera ya ku Mchinji inathandiza kumanga malo ogona odikirira odwala pa chipatala cha boma.

Pa tiyi, esiteti ya Satemwa ku Thyolo inalandira chiphaso mu 2007, ndipo bungwe la alimi la Sukambizi ku Mulanje linalandira mu 2008. Alimi a Sukambizi amagulitsa masamba aawisi ku esiteti ya Lujeri, ndipo ndalama yowonjezera amamangira milatho, zipinda za sukulu ndi malo ochilira amayi. Khofi wa alimi ang'onoang'ono amadutsa ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, imene ili ndi makopaletivi m'madera monga Misuku, Phoka, Viphya ndi Ntchisi.

Mpunga wa Kilombero wa alimi a ku Kaporo m'boma la Karonga unafika ku Scotland kudzera mwa kampani yaing'ono ya ku Paisley yotchedwa Just Trading Scotland. Kampaniyi inkalimbikitsa sukulu ndi mipingo kugulitsa makilogalamu 90 a mpungawo, ponena kuti phindu lake lingakwanitse kulipirira mwana wa mlimi ku sekondale kwa chaka chimodzi.

Mavuto ndi zotsutsa

Chiphaso sichitsimikizira msika. Bungwe limatsatira malamulo pa munda wonse ndipo limalipira oyendera, koma mtengo woyambira ndi ndalama yowonjezera zimabwera pa katundu yekhayo amene wogula wavomera kumugula pa malamulo a Fairtrade. Wotsalayo amapita ku msika wamba. Pa tiyi, gawo logulitsidwa mwa Fairtrade limakhala laling'ono kwambiri, ndipo bungwe lodalira wogula mmodzi limagwedezeka wogulayo akasintha maganizo. Mu 2017 kampani ya masitolo ya Sainsbury's ku Britain inachotsa chizindikirochi pa tiyi wake wina n'kuyambitsa dongosolo lakelake. Alimi a tiyi a mu Africa anadandaula poyera kuti mphamvu yosankha ntchito ya ndalama yowonjezera ichoka m'manja mwawo n'kupita ku komiti ya ku London. Mu 2023 kampani ya Traidcraft, imene inkagulitsa katundu wotere ku Britain kuyambira mu 1979, inagwa chifukwa cha mavuto a zachuma.

Ena amati dongosololi silifika kwa osaukitsitsa. Kafukufuku wa sukulu ya SOAS ya ku London, amene anatuluka mu 2014, anapeza kuti m'madera ena a ku Ethiopia ndi Uganda aganyu a kumene kunali chiphaso ankalandira ndalama zochepa poyerekeza ndi a kumadera ena ofanana nawo. Fairtrade inatsutsa njira imene ofufuzawo anayerekezera madera, koma inavomereza kuti nkhani ya aganyu ikufunika kuikonza. Ku Malawi nkhani ya malipiro a m'minda ya tiyi inachititsa kuti mu 2015 makampani, ogula ndi mabungwe asainirane mgwirizano wa Malawi Tea 2020, ndipo mu 2016 eni minda ndi bungwe la antchito anasainirana pangano loyamba la malipiro.

Palinso nkhani ya kusakaniza katundu. Pa shuga, tiyi, koko ndi madzi a zipatso, malamulo amalola kuti zokolola za alimi a chiphaso zisakanikirane ndi zina kufakitale, bola kuchuluka kogulitsidwa ndi chizindikiro kusapitirire kumene kunagulidwa kwa alimiwo. Motero shuga wa m'paketi sangakhale weniweni wa nzimbe za mlimi wa chiphaso, ngakhale ndalama yowonjezera imafikabe kwa iye.

Kusintha kwa nyengo kukuwonjezera mavutowa. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anawononga minda, misewu ndi milatho m'maboma a kumwera kwa Malawi, kuphatikizapo Chikwawa ndi Mulanje. Komanso lamulo la European Union la 2023 loletsa katundu wochokera m'malo ogwetsedwa nkhalango likufuna kuti wogulitsa khofi kapena koko asonyeze malo enieni a munda uliwonse, ntchito imene imafuna ndalama ndi zipangizo zomwe makopaletivi ang'onoang'ono ambiri amavutika kupeza.