Buku lopanda chikuto lija ndi mbiri ya chikondi chodumpha zaka

Akonzi atandipempha kuti ndilembeko kanthu m'kalata yathuyi, ndinayamba ndaganiza zolemba za penshoni, poti ambirife tayamba kuwerengera zaka zotsala m'boma. Koma mtima unakana, unabwerera ku hositelo ya atsikana m'chaka cha 1996, tili Fomu 3.

Amene munalipo mukumbukira buku lija linabwera ndi mnzathu wina pochokera kutchuthi, lopanda chikuto, masamba omaliza atathothoka. Tinkaliwerenga mosinthana, wina pansi pa bulangete ndi tochi, wina nthawi ya prepu atalibisa m'kati mwa buku la masamu. Mabuku a Mills & Boon ndi a Pacesetters tinali titawazolowera, koma ili linali lachilendo. Mkazi wa ku America wathawidwa ndi bwenzi lake m'tchalitchi china ku England, ndipo akulira pa chiliza cha munthu wakalekale. Mwadzidzidzi mwini chilizacho, mwamuna wa zaka za m'ma 1500, akutulukira atavala zachitsulo zankhondo. Ine ndi mnzanga wa bedi loyandikana tinabetcherana mabanzi awiri. Iye ankati awiriwo adzakhalira limodzi, ine ndinkati adzasiyana. Popanda masamba aja, mlandu unagona.

Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikufufuza kuti khalidwe lolowetsa mizukwa ndi maulendo odumpha zaka m'nkhani zachikondi linachokera kuti.

Gwero lake lili ku England. M'chaka cha 1764 Horace Walpole analemba The Castle of Otranto, nkhani ya chinyumba chachifumu chodzaza ndi mizukwa, ndipo mu 1794 Ann Radcliffe anatulutsa The Mysteries of Udolpho. Mayiyu anali ndi chizolowezi choopseza wowerenga mpaka tsitsi kuima, kenaka n'kumuululira kuti panalibe mzukwa, anali anthu wamba. Amene anachotsa manyazi amenewa ndi ana awiri a mbusa, Charlotte ndi Emily Brontë, m'chaka chimodzi cha 1847. M'buku la Emily, Wuthering Heights, mzimu wa Catherine umabwera pa zenera usiku kufuna kulowa. M'buku la Charlotte, Jane Eyre, mtsikana amamva mawu a Rochester akumuitana, chonsecho mwini wake ali kutali mtunda wa masiku.

Pa Jane Eyre ndiimepo pang'ono, chifukwa mfundo yanga yagona pamenepa. Nkhani yachikondi siyenda popanda chotchinga. Okondana akakwatirana pa tsamba lachisanu, buku latha. M'nthawi ya a Brontë zotchinga zinalipo zenizeni: makolo, chuma, kusiyana kwa mabanja, ndi lamulo. Rochester sakanatha kukwatira Jane chifukwa anali ndi mkazi wodwala misala amene anamutsekera m'chipinda cham'mwamba, ndipo kuthetsa ukwati kunali kovuta koopsa. Mzimu m'mabuku amenewa unali ndiwo chabe, nsima inali lamulo ndi mwambo.

Zodumpha zaka zinabwera pambuyo pake, ndipo poyamba zinalibe chochita ndi chikondi kwenikweni. Mark Twain mu 1889 anatumiza Mmereka ku nthawi ya mfumu Arthur pofuna kuseka mafumu, ndipo H. G. Wells mu 1895 analemba The Time Machine pofuna kuchenjeza za kusiyana kwa olemera ndi osauka. Koma lilipo buku lina la 1887 limene limatikhudza ife kuno, She, la H. Rider Haggard. Mfumukazi Ayesha yadikira zaka 2,000 kuti mwamuna amene inamukonda, n'kumupha yokha chifukwa cha nsanje, abadwenso mwa munthu wina. Haggard anaika ufumu wopekawo m'kati mwa Africa, polowera kugombe la kumpoto kwa kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Kunena kwina, kuseri kwathu konkuno. Mfumukaziyo ndi yoyera khungu, ndipo anthu akuda m'bukumo ntchito yawo ndi kugwada ndi kunyamula machila. Ndinaliwerenga ndili ku yunivesite, ndipo linandikoma ndi kundinyansa nthawi imodzi.

Kampani ya Mills & Boon inayamba ku London mu 1908, ndipo ya Harlequin ya ku Canada inaigula mu 1971. Kwa zaka zambiri mabuku awo ankangozungulira pa adokotala, anamwino ndi mabwana olemera. Koma zinthu zinali kusintha. Mu 1969 dziko la England ndiponso chigawo cha California ku America anakhazikitsa malamulo ofewetsa kuthetsa ukwati. Akazi anali kugwira ntchito, kusankha okha amuna, kusiya amene awatopetsa. Tsono wolemba achite chiyani zipupa zakale zitagwa? Maganizo anga ndi akuti anapita kukafuna chipupa chimene khoti silingagwetse, ndipo anapeza ziwiri, nthawi ndi imfa.

Taonani mmene zinatsatanirana. Mu 1972 Anya Seton analemba Green Darkness, za okondana a zaka za m'ma 1500 obadwanso masiku ano. Mu 1975 Richard Matheson analemba Bid Time Return, limene mu 1980 linasanduka kanema wotchedwa Somewhere in Time, momwe munali Christopher Reeve ndi Jane Seymour. Mu kanemayo mnyamata amakonda mkazi wa pa chithunzi chakale, nadzikakamiza m'maganizo mpaka kufika mu 1912. Zonse zikuyenda bwino, apisa m'thumba napezamo kandalama kolembedwa 1979, basi, pomwepo chaka chake chimukokanso. Palibe apongozi ovuta, palibe wopikisana naye, kandalama chabe.

Amene anafikitsa luso limeneli pachimake ndi Diana Gabaldon, mayi wa ku America wophunzira sayansi ya zamoyo, ndi buku lake la 1991, Outlander, limene ku Britain linatuluka ndi dzina loti Cross Stitch. Claire, namwino wa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akhudza mwala pakati pa miyala yoimikidwa mozungulira kufupi ndi Inverness ku Scotland, nagwera m'chaka cha 1743. Kumeneko akwatiwa ndi Jamie Fraser, chikhalirecho ali ndi mwamuna wake Frank amene panthawiyo sanabadwe. Ankhoswe akwathu akanauweruza bwanji mlandu wotere? Koma cholemera m'bukumo si mitala yachilendoyi. Claire akudziwa kuti mu 1746 anthu a mwamuna wakeyo adzaphedwa ngati ziwala pa nkhondo ya ku Culloden, ndipo akudya nawo, kuseka nawo, akudziwa. Bukuli linasanduka sewero la pa wailesi ya kanema mu 2014. Pambuyo pake panabwera The Time Traveler's Wife la Audrey Niffenegger mu 2003 ndi Twilight la Stephenie Meyer mu 2005, momwe mwana wasukulu amakonda mnyamata womwa magazi. Ili ana athu analikonda, koma ine linandikanika. Mu 2017 ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo anthu anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa, ndipo nkhani yopopa magazi sindingaimve ngati yachibwenzi.

Izi zikundifikitsa pa funso limene sitinadzifunse m'hositelo muja. Kodi kale limakomera aliyense? Octavia Butler, mlembi wakuda wa ku America, anayankha mu 1979 ndi buku lake Kindred. Dana, mkazi wakuda wa mu 1976 wokwatiwa ndi mzungu, amakokedwa kupita ku munda wa akapolo ku Maryland kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Kumeneko sapeza kalonga, apeza chikoti, ndipo ukwati wake sungatchulidwe n'komwe. Ifenso titakhudza mwala wa Claire n'kubwerera zaka 150, tikhoza kutsikira pa doko la Nkhotakota nthawi ya Jumbe, ngalawa zikudzaza anthu opita kutsidya la nyanja. Mlozi wa ku Karonga anapachikidwa mu 1895, chaka chomwe Wells ankasindikiza makina ake aja. Sindikunena kuti makolo athu sankakondana, ayi, nanga ife tinabadwa bwanji? Ndikungoti ulendo wobwerera m'mbuyo umakoma malinga ndi kumene ukatsikire ndi khungu limene wavala.

Buku lathu lija ndinalipeza mu 2019, pa mulu wa mabuku akale m'mphepete mwa msewu, ndili pa ulendo wa ntchito. Nditawerenga tsamba loyamba ndinalizindikira. Dzina lake ndi A Knight in Shining Armor, analemba Jude Deveraux mu 1989. Ndinatsegula kumapeto ndili chiimire. Mwamunayo amatsala m'zaka zake, mkaziyo amabwerera m'zake, ndipo saonananso. Koma ali m'ndege yobwerera kwawo, mkaziyo amakhala moyandikana ndi mwamuna wina wa masiku ano amene mzimu wa woyamba uja uli mwa iye.

Ndinafuna kuimbira foni mnzanga wa bedi loyandikana uja, koma iye anatisiya mu 2004. Amene munali mboni za kubetcherana kuja, tidzakumane pa msonkhano wa chaka chino mudzaweruze kuti mabanzi awiri aja ndi a ndani. Buku ndidzabwera nalo, masamba onse alimo.