Chibale Chinatsogola, Lamulo Linatsatira

Ife a ku Moatize ndi Zóbuè tinathawa nkhondo kawiri. M'zaka za m'ma 1980 tinawolokera ku Malawi, kumene othawa anapitirira miliyoni imodzi. Tinabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992. Mfuti zitaliranso, pofika 2016 anthu zikwizikwi anali ku Kapise, m'boma la Mwanza.

Nanga bwanji sanatibweze? Poyamba chinali chibale. Kenaka mu 1987 dziko la Malawi linalowa m'pangano la maiko a Afirika la 1969, loletsa kubweza wothawa kumene moyo wake uli pangozi. Ophunzira zamalamulo amaliwerenga ku yunivesite. Ife linatiteteza tisakulidziwa n'komwe.

Aphunzitsi, funsani m'kalasi: munawolokera pati, anakulandirani ndani? Tilembe mayankhowo akuluakulu asanatisiye.