Ana a ku KwaMashu ndi Mbiri ya Kuwerenga Momvetsa

Kumpoto kwa mzinda wa Durban, m'dziko la South Africa limene anthu aulendo ankalitcha Joni, kuli mudzi waukulu dzina lake KwaMashu. Kale malowo anali minda ya nzimbe ya Sir Marshall Campbell, ndipo dzina la mudziwo lichokera pa umo Azulu ankatchulira dzina la mwini mindayo. Nyumba zoyamba zinalandira anthu m'chaka cha 1958. Ambiri a iwo sanadze mwa kufuna kwawo, koma anasamutsidwa ku Cato Manor, kumene eni ake ankati Umkhumbane, pakuti boma linagamula kuti dera limenelo likhale la Azungu. Ana amene anakwera malole pamodzi ndi mipando ndi miphika ya amayi awo ndiwo anayamba kudzaza sukulu za m'mudzi watsopanowo.

Dera limeneli silinali lachilendo ku mabuku. Pafupi pomwepo, ku Inanda, mbusa John Dube anakhazikitsa sukulu ya Ohlange, ndipo m'chaka cha 1903 anayambitsa nyuzipepala ya Ilanga lase Natal. Koma sukulu za ku KwaMashu zinabadwira m'lamulo lina, la Bantu Education, limene Dr. H. F. Verwoerd analipititsa m'chaka cha 1953. Lamulolo linachotsa sukulu m'manja mwa amishoni, ndipo Adams College, imene inaphunzitsa aphunzitsi ambiri a ku Natal, inatsekedwa mu 1956. Ndalama zochokera m'thumba lalikulu la boma zinaimikidwa pa £6,500,000 pa chaka, ngakhale ana anali kuchulukirabe. Tsono m'makalasi awiri oyamba, Sub A ndi Sub B, mphunzitsi mmodzi ankaphunzitsa magulu awiri pa tsiku, gulu lililonse maora ngati atatu. Mabuku ankagula ndi makolo, pamene ana a Azungu ankalandira aulere.

Mphunzitsi wokhala ndi khamu la ana, nthawi yochepa, bolodi ndi choko basi, achita chimene angathe: alemba maphatikizo pa bolodi, ba be bi bo bu, ndipo kalasi lonse liimba pambuyo pake. Njira imeneyi siyenera kunyozedwa. Chizulu, monga Chichewa, chilembedwa pafupifupi monga chinenedwa, kotero mwana wodziwa maphatikizo angathe kutchula mawu alionse amene awaona pa tsamba. Koma msampha uli pomwepo. Mwana angathe kuimirira, natchula tsamba lonse osaphonya, mlendo nakondwa, chikhalirecho mwanayo sadziwa kuti mbuzi ya m'nkhaniyo inathawa chifukwa ninji. Ndiponso zinenero zimenezi zilumikiza timawu tambiri kukhala liwu limodzi lalitali. Liwu lakuti "sindinakamuonenso" lili ndi maphatikizo asanu ndi atatu. Mwana amene alitchula pang'onopang'ono afika kumapeto ataiwala kale "si" wa poyamba, amene ndiye atembenuza tanthauzo lonse. Kumvetsa kufuna kuti maso athamange ndithu, kuti mtima upeze mpata wakuganizira nkhani, ndipo liwiro lotere lidza ndi kuwerenga masamba ambiri. Masambawo ndiwo anasowa.

Nkhani ya chinenero inawonjeza vuto. Bantu Education inalamula kuti ana aphunzire m'chinenero chawo kufikira Standard 6. Akatswiri ambiri a maphunziro lero avomera kuti kuyamba ndi chinenero cha kwanu n'kwabwino. Koma makolo a nthawi imeneyo anaona dzanja limene linapereka mphatsoyo, naikayikira, poganiza kuti cholinga chake chinali kutsekera ana awo khomo la Chingerezi ndi la ntchito zabwino. Sanalakwe kukayika. Zitachitika zipolowe za ana a sukulu ku Soweto mu 1976, lamulo la 1979 linafupikitsa zaka za chinenero cha mwana kukhala zinayi. Pamenepo KwaMashu inali itaikidwa kale pansi pa boma la KwaZulu, m'chaka cha 1977, koma mwambo wosinthira ku Chingerezi msanga unafalikira ponseponse. Mwana wolowa Standard 3 ankapeza masamu, mbiri ndi za chilengedwe zonse zili m'Chingerezi. Carol Macdonald, m'kafukufuku wotchedwa Threshold Project amene anatuluka mu 1990, anawerengera kuti mwana wotere ankafika ndi mawu a Chingerezi ngati 800, pamene mabuku a kalasilo ankafuna ngati 5,000. Chotsalira mwanayo chinali kuloweza, ndipo mphunzitsi ankalemba zolowezazo pa bolodi.

Mankhwala ena anali atapezeka kale. M'chaka cha 1974 ku Rhodes University kunayambika ntchito ya Molteno Project, yofufuza chifukwa chimene ana akuda ankalephera Chingerezi. Ofufuzawo anapeza kuti ambiri sanali kuwerenga bwino ngakhale chinenero chawo chomwe. Tsono anatenga njira ya ku Britain yotchedwa Breakthrough to Literacy, naikonza m'zinenero za mu Afirika, Chizulu chomwe. M'njira imeneyi mphunzitsi aonetsa chithunzi, ana nakambirana, mwana nanena chiganizo chakechake, monga chakuti amayi aphika. Kenaka afuna mawuwo pa timakadi, nawandandalika, nawawerenga, nawalemba m'kope mwake. Tanthauzo likhala litafika kale zilembo zisanafike, ndipo mwana azolowera kuyambira tsiku loyamba kuti zolembedwa zinena kanthu.

Njirayi inafika ndi kwa olankhula Chinyanja. Dziko la Zambia linali litaika Chingerezi kuyambira kalasi loyamba m'chaka cha 1966. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams anayesa ana a ku Zambia ndi a ku Malawi, napeza kuti a ku Malawi, amene ankayamba ndi Chichewa, ankawerenga chinenero chawo bwino koposa anzawo a ku Zambia, pamene pa Chingerezi sanasiyane kwenikweni. Mu 1998 Zambia inayesa njira ya Molteno ku Kasama m'Chibemba, ndipo pambuyo pake inaifalitsa m'zinenero zisanu ndi ziwiri, chimodzi mwa izo Chinyanja.

Ku South Africa tsankho la m'malamulo linatha mu 1994, ndipo sukulu za ku KwaMashu zinalowa m'dongosolo limodzi ndi za Azungu. Koma aphunzitsi ambiri anali omwe aja anaphunzira mwa kuimba ndi kuloweza, ndipo munthu aphunzitsa monga anaphunzitsidwira. Muyeso woona unadza ndi mayeso a maiko ambiri otchedwa PIRLS, amene apatsa mwana wa Grade 4 nkhani, namufunsa mafunso. Funso lapansi kwambiri lingofuna kuti mwana apeze chinthu chimene nkhaniyo yanena poyera. Mu 2016, mwa ana 100 alionse a m'dziko lonselo, 78 sanafike pa muyeso umenewo. Mu 2021, sukulu zitatsekedwatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, anali 81. Ndipo ana sanayesedwe m'chinenero chachilendo ayi. Aliyense anapatsidwa nkhani m'chinenero chimene anaphunziramo zaka zitatu zoyamba, kotero mwana wa sukulu ya Chizulu anafunsidwa m'Chizulu.